Nsalu yonyowa ya Nightingale ndi kabati ya m'chipatala

M'buku la Florence Nightingale, Notes on Nursing, lomwe linatuluka mu 1859, muli mutu wonena za ukhondo wa zipinda ndi makoma, ndipo mphamvu yake yagona pa kayalidwe ka mfundo. Bukuli limayamba ndi mpweya, poti kwa mayiyu ntchito yoyamba ya namwino ndi kuonetsetsa kuti wodwala akupuma mpweya wabwino. Akafika pa mutu uwu amaulondola mpweyawo mpaka pamene umadetsedwera: pa khoma, pa kapeti, pa mipando, ndi pamwamba pa zinthu pomwe diso silifika. Wowerenga amalowa akuganiza za zenera, n'kutuluka akuganiza za thabwa.

Chithunzithunzi chomwe chanyamula mutuwu ndi cha munthu amene akukuntha fumbi zitseko ndi mazenera zili zotseka. Nightingale akuonetsa kuti fumbilo langosamuka mbali ina ya chipinda kupita ina, ndipo ziganizo zake apa n'zazifupi, zogunda motsatizana, mosapatsa wokunthayo mpata wodziteteza. Atagwetsa njira imeneyo amasiya imodzi yokha, yopukuta ndi nsalu yonyowa. Pomwepo ndi pamene pali luso lalikulu. Chiganizo chotsatira chikuchoka m'manja mwa wopukuta n'kupita kwa mmisiri: katundu wa m'chipinda apangidwe moti madzi asamuwononge, ndiponso asalalitsidwe moti chinyezi chisavulaze anthu. Mbali ziwirizi waziyika pa sikelo imodzi, kulimba kwa chinthu uku, moyo wa wodwala uko, ndipo kufanana kwa kamvekedwe kake kukukakamiza wowerenga kuziona ngati lamulo limodzi.

Pa makoma amagwiritsa ntchito makwerero. Khoma lomata mapepala lili pansi penipeni. Pulasitala akuposako chifukwa amatheka kupaka laimu kawirikawiri, penti ya mafuta ikuposa onsewo poti imatsukika, ndipo pamwamba pali simenti yosamwa madzi, galasi ndi matailosi. Muyeso ndi umodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba: kodi chinthuchi chimamwa, kapena chimatsukika? Za kukongola akungozitchula pang'ono, ponena kuti zapamwambazo zikhale zooneka bwino mokwanira. Ndipo tikumbukire kuti analemba izi Joseph Lister asanafalitse njira yake yophera tizilombo pa opaleshoni mu 1867. Nightingale ankaopa mpweya woipa, atauona ku chipatala cha ku Scutari mu 1854, koma muyeso wakewo sunagwe pamene sayansi ya tizilombo inafika.

Wowerenga wa ku Angónia sangavutike kuumva mutuwu. Fumbi la chilimwe pa misewu ya ku Ulónguè ndi Dómuè limalowa paliponse, ndipo dzinja likafika matabwa amafufuma. Kabati yosungira mankhwala imapukutidwa ndi madzi a klorini, omwe pang'onopang'ono amadya vanishi. Bolodi ya utuchi wopanikiza ikamwa madzi m'mphepete imatupa n'kusweka, fomeka n'kuyamba kumatuka, ndipo mng'alu umenewo nsalu siufika. Chitsulo chosachita dzimbiri, kapena fomeka yomatidwa bwino mpaka m'mbali, ndizo zimakwera makwerero a Nightingale. Thabwa la payini losapaka kanthu limatsalira pansi.

Inu amene mumaitanitsa makabati a zipatala zathu, musanagwirizane mtengo ndi kalipentala, werengani mutu umenewu, kenaka mumufunse ngati chimene akupangacho chidzapirira nsalu yonyowa tsiku ndi tsiku.