Kuphunzira kwa Anzathu, Kuona ndi Maso Athu

Palibe mmisiri amene anabadwa luso lili m'manja. Woumba mbiya amayamba ndi kukhala pambali pa amake, ndipo wojambula zithunzi nayenso amayamba ndi kupenyetsetsa ntchito za amene anamtsogolera. Ichi n'choyenera. Koma kuphunzira ndi kwina, kutsanzira ndi kwinanso.

Tiyeni tilingalire za chithunzi chimene ambirife tikuchidziwa, cha minda ya tiyi ku Thyolo: mizere yobiriwira, amayi atabereka madengu, ndi phiri la Mulanje likuonekera patali. Ojambula ambiri achibwereza kufikira zithunzi zawo zafanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Chifukwa chake n'chakuti wina amatengera kwa mnzake, osapita kumundako. Motero m'zithunzizi dzuwa limawala masiku onse, chonsecho tiyi wambiri amathyoledwa m'nyengo ya mvula. Simuoneka zala zosankha masamba awiri ndi nsonga yake, ngakhale mzere wa anthu odikira pa sikelo pamaso pa kapitawo. Othyolawo alibe nkhope. Komatu dziko limeneli lili ndi mbiri yowawa ya thangata ndi chipolowe cha 1953, ndipo wojambula amene aona kubiriwira kokha wabisa theka la choonadi.

Makolo athu anatisonyeza njira ina. Pamatanthwe a ku Chongoni, m'boma la Dedza, amene bungwe la UNESCO linawazindikira mu mndandanda wake wa chuma cha dziko lonse mu 2006, Achewa anapeza zithunzi zofiira za Akafula. Anatengerapo nzeru yolemba pathanthwe, koma iwo anajambula ndi dothi loyera zinthu za chinamwali ndi za Nyau, ndizo za moyo wawo. Chimodzimodzinso ku Kungoni, pa Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa ntchito mu 1976: amisiri anaphunzitsana kagwiridwe ka zida, koma nkhani zawo anazitenga m'miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao.

Tsono iwe mnyamata kapena mtsikana wa ku Thyolo wofuna kujambula, penya ntchito za anzako kuti uphunzire kusakaniza mitundu ndi kuika mthunzi pamalo pake. Ukatero, nyamula pepala lako m'mamawa mame asanakamuke, ukakhale pafupi ndi othyola tiyi, uwapemphe chilolezo, nuyang'ane mofatsa. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.