Ululu wa Kutsogolo kwa Bondo: Kodi Kafukufuku wa Kunja Angathandize Bwanji ku Mitundu ndi ku Nathenje?

Wodwala bondo amene sanagwe, sanathyoke, ndipo bondo lake silinatupe, sakhalitsa m'chipinda cha dokotala. Amafotokoza kuti kutsogolo kwa bondo kumapweteka akanjuta, akamatsika chitunda kapena akadzuka atakhala nthawi yaitali, kenaka amatuluka ndi mapiritsi a bulufeni ndi malangizo akuti apumule. Pakatha mwezi amabweranso, kapena sabweranso n'komwe chifukwa wakatemetsa mphini. Vutoli achipatala amalitchula kuti patellofemoral pain, kutanthauza ululu wa pamene kafupa ka kutsogolo kwa bondo kamakhudzana ndi fupa la ntchafu. Bondo likamapindika litasenza thupi, kafupaka kamakanikizika kwambiri pa fupa la ntchafu, n'chifukwa chake ululu umadza ponjuta, pogwada ndi potsetsereka.

Vutoli si laling'ono. Mu 2018 Benjamin Smith ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana m'magazini ya PLoS ONE, napeza kuti pa chaka anthu pafupifupi 23 pa 100 aliwonse amamva ululu wotere, ndipo pakati pa achinyamata chiwerengerocho chimafika pafupifupi 29. Ku Malawi, kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2016, yemwe anatsogolera ndi Leonard Banza Ngoie wa ku chipatala cha Kamuzu Central, anayeza anthu oposa 8,000 ndi kupeza kuti 9.5 pa 100 aliwonse ali ndi vuto lina la mafupa, minofu kapena molumikizira mafupa. Kafukufukuyo anawerenga mavuto onsewa pamodzi, koma akusonyeza kukula kwa katundu amene zipatala ngati cha Mitundu ndi cha Nathenje zimasenza. Funso ndi lakuti: umboni umene ulipo wokhudza chithandizo ndi wolimba motani, ndipo ndi gawo liti la umboniwo limene lingagwire ntchito kum'mwera kwa boma la Lilongwe?

Zimene kafukufuku anapeza

Kafukufuku amene amatchulidwa kawirikawiri ndi wa Robbart van Linschoten ndi anzake a ku Rotterdam m'dziko la Netherlands, yemwe anatuluka m'magazini ya BMJ mu 2009. Anatenga anthu 131 a zaka 14 mpaka 40 ndi kuwagawa pawiri mwa maere. Gulu loyamba linachita mafizo moyang'aniridwa ndi katswiri kwa masabata 6, n'kumapitiriza kunyumba kwa miyezi 3. Gulu lachiwiri linangolangizidwa kupumula ndi kupewa zimene zimadzutsa ululu. Patatha miyezi 3, ochita mafizo anali ndi ululu wochepa ndipo bondo linkagwira bwino ntchito kuposa anzawo. Patatha chaka, ululu wawo unali wochepabe.

Izi ndi zimene zimalembedwa m'mitu ya nkhani. Chimene sichimveka kwambiri ndi yankho la odwala atafunsidwa ngati achira. Pa miyezi 3, anavomera ndi 42 pa 100 mwa ochita mafizo ndi 35 pa 100 mwa ongopumula. Pa chaka, anali 62 ndi 51. Kusiyanaku kunali kochepa moti ofufuzawo sanathe kutsimikiza kuti sikunangochitika mwamwayi. Tanthauzo lake n'lakuti mafizo amachepetsa ululu, koma ngakhale patatha chaka, munthu mmodzi kapena kuposerapo mwa atatu ochita mafizo sankadziona kuti wachira.

Ku Brisbane m'dziko la Australia, Natalie Collins ndi anzake anayerekeza tizitsulo ndi timapulasitiki ayi, koma zoika mu nsapato zoumbidwa mothandiza phazi, zoika mu nsapato zafulati, mafizo, komanso mafizo pamodzi ndi zoika mu nsapato zoumbidwazo, pa anthu 179. Zotsatira zinatuluka mu BMJ mu 2008. Pa masabata 6 zoumbidwa zinaposa zafulati, koma sizinapose mafizo, ndipo kuphatikiza ziwirizi sikunawonjezere phindu looneka. Pofika chaka magulu onse anayi anali atapezako bwino.

Ku Finland, Jyrki Kettunen ndi anzake mu 2007 anayesa opaleshoni yolowetsa kamera m'bondo pa odwala 56. Theka linachitidwa opaleshoni kenaka mafizo, theka linachita mafizo okha. Opaleshoni sinawonjezere kanthu kupatula ndalama zolipira.

Mu 2015 bungwe la Cochrane linaunika kafukufuku 31 wokhudza anthu 1,690. Linagamula kuti zotsatira zikulozera mbali imodzi, yoti mafizo amathandiza, koma umboniwo ndi wofooka kwambiri. Mawu awiriwa ayenera kuwerengedwa pamodzi. Wotchula loyamba lokha akulonjeza zoposa zimene zinapezeka, ndipo wotchula lachiwiri lokha akutaya chithandizo chotsika mtengo chomwe chilibe chiopsezo chachikulu.

Pamene umboni ukutsimphina

Chofooka choyamba chili m'kapangidwe ka kafukufuku. Poyesa mankhwala, wodwala angapatsidwe piritsi lopanda mankhwala osadziwa. Poyesa mafizo izi sizitheka: aliyense amadziwa gulu limene ali. Pamene muyeso waukulu ndi mawu a wodwala mwini okhudza ululu wake, munthu amene waonana ndi katswiri kangapo, kumveredwa ndi kulimbikitsidwa, angathe kunena kuti ali bwino kuposa amene anangouzidwa kuti adikire. Gawo lina la phindu la ku Rotterdam lingakhale lochokera ku chisamaliro chimenechi osati ku minofu yokha.

Kafukufuku wa ku Norway wa Alexandra Hott ndi anzake, wa mu 2019, akulimbitsa chikayikochi. Odwala 112 onse anaphunzitsidwa za vuto lawo, kenaka ena anapatsidwa mafizo a chiuno, ena a bondo, ena anangouzidwa kuchita masewera olimbitsa thupi amene akonda. Pa miyezi 3 panalibe kusiyana pakati pa magulu atatuwa. Izi zikutsutsana ndi kafukufuku wa Thiago Fukuda ku Brazil ndi wa Khalil Khayambashi ku Iran, onse a mu 2012, amene anapeza phindu polimbitsa minofu ya m'chiuno mwa amayi. Koma awiriwa anali ndi anthu ochepa, 54 ndi 28. Akatswiri amene anakumana ku Manchester mu 2015 ndi ku Gold Coast mu 2017 analimbikitsa kuphatikiza mafizo a chiuno ndi a bondo, ndipo langizoli ndi lomveka, koma mtsutso woti ndi mafizo ati enieni oposa ena sunathe.

Chofooka chachiwiri ndi nthawi. Kale vutoli linkatengedwa ngati lotha lokha. Nienke Lankhorst ndi anzake mu 2016 analondola ena mwa odwala a ku Netherlands ndi ku Australia aja patatha zaka 5 mpaka 8, napeza kuti 57 pa 100 mwa amene anayankha anali asanachire bwino. Oyankhawo anali 60 okha, ndipo n'kutheka kuti amene ankavutikabe ndiwo anali ndi chidwi choyankha. Komabe chiwerengerochi n'chokwanira kuletsa wazaumoyo kuuza mwana wa sukulu kuti ululuwo ndi wa kukula chabe ndipo utha wokha.

Mtunda wa pakati pa Rotterdam ndi Mitundu

Palibe kafukufuku woyesa chithandizo ndi mmodzi yemwe mwa amene ofufuza ake atchulidwa mayina pano amene anachitikira mu Africa, ndipo mtunda umenewu ukuonekera m'malo atatu.

Poyamba ndi muyeso. Ofufuza ambiri amagwiritsa ntchito mafunso 13 amene Urho Kujala wa ku Finland anakonza mu 1993. Mafunsowa amakhudza kukwera masitepe, kuthamanga, kudumpha, kunjuta ndi kukhala nthawi yaitali bondo lili lopinda. Kunjuta ndi funso limodzi chabe mwa 13. Kwa mayi wa ku Nathenje kunjuta ndi kugwada ndi ntchito ya tsiku lonse: pa mafuwa potakasa nsima, pochapa, pothyola ndiwo ku dimba, m'chimbudzi cha dzenje, popereka moni kwa apongozi, pamaliro ndi m'tchalitchi. Masitepe angathe mwezi osawaponda. Muyesowu ungamupatse mapointi ambiri pamene iye akulephera theka la ntchito zake.

Kachiwiri ndi langizo la kupumula. Akuluakulu amati mankhwala a utsi n'kuthawa, koma wakabaza wa pa msika wa Mitundu akathawa njinga sadya tsiku limenelo, ndipo mlimi sangaimitse kupalira mu Disembala chifukwa cha bondo. Odwala a m'kafukufuku ambiri anali ophunzira ndi okonda masewera, amene akanatha kuchepetsa kuthamanga popanda kugona ndi njala. Michael Rathleff wa ku Aalborg m'dziko la Denmark mu 2019 anaphunzitsa ana 151 a zaka 10 mpaka 14 kuchepetsa zolemetsa bondo kwa kanthawi, kenaka kubwerera pang'onopang'ono, ndipo 86 pa 100 anati apeza bwino pa masabata 12. Zotsatirazi n'zokopa, koma panalibe gulu loyerekeza nalo, ndipo chimene anawo ankasiya ndi masewera, osati ndowa ya madzi ya malita 20.

Kachitatu ndi wopereka chithandizo. Maphunziro a digiri ya mafizo anayamba ku College of Medicine mu 2010, ndipo akatswiriwa akadali ochepa, ambiri ali m'zipatala zikuluzikulu. Wodwala wa ku Nathenje kapena ku Mitundu woti akaonane ndi katswiri kangapo pa masabata 6 ayenera kulipira ulendo wa ku Lilongwe nthawi iliyonse. Zoika mu nsapato za ku Brisbane zimafuna nsapato yotseka, pamene ambiri kumunda amapita ndi patapata kapena opanda nsapato.

Kafukufuku woyandikirako ku moyo wa kumudzi ndi winanso wa Rathleff, wa mu 2015, pa achinyamata 121 a zaka 15 mpaka 19. Mafizo ankachitikira pa sukulu pomwepo, m'magulu, ndipo ochita mafizo anachira mochulukirapo kuposa ongophunzitsidwa mpaka zaka ziwiri. Amene ankachitadi mafizowo pafupipafupi kunyumba ndiwo anapindula kwambiri, koma ambiri ankajomba ngakhale chithandizo chinali pakhomo pa kalasi. Phunziro lake n'lakuti kuyandikitsa chithandizo kumathandiza, koma popanda wokumbutsa ndi wolondola anthu amasiya. Apa m'pamene alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka ali ndi mphamvu imene ofufuza a ku Denmark analibe, pakuti amafika pakhomo ndipo amadziwa banja lonse.

Zimene zingatengedwe lero

Chisanafike china chilichonse, wazaumoyo atsimikize kuti vuto ndi limeneli. Ofufuza onse aja ankayamba achotsa odwala matenda ena a bondo, ndipo zotsatira zawo sizikhudza anthu otere. Bondo lotupa, lotentha, wodwala akutentha thupi kapena akulephera kuponda, lingakhale ndi mafinya mkati ndipo ayenera kutumizidwa tsiku lomwelo. Kutupa kwapang'onopang'ono pamodzi ndi kuwonda kapena thukuta la usiku kukumbutse za TB ya m'mafupa, makamaka mwa amene ali ndi HIV. Ululu wa usiku ndi chotupa cholimba mwa wachinyamata ufunika X-ray. Mwana wotsimphina amene akuloza bondo ayezedwenso m'chiuno, chifukwa matenda a m'chiuno amamvekera ku bondo. Bondo limene lavulala, likugwira kapena likugweruka, ndi la kwa kiliniko ofisala wa mafupa. Okalamba ambiri vuto lawo ndi nyamakazi ya kutha kwa chichereŵechereŵe.

Zimenezi zikachotsedwa, umboni ukuloleza zinthu zinayi. Wodwala afotokozeredwe kuti ululu sukutanthauza kuti bondo likuwonongeka, komanso kuti kuchira kumatenga miyezi. Aphunzitsidwe kulimbitsa ntchafu ndi chiuno kangapo pa sabata kwa miyezi 3: kukhala ndi kudzuka pa mpando, kukweza mwendo cham'mbali atagona chammbali, kunyamula chiuno atagona chagada, kukwera ndi kutsika pa njerwa. Legeni la chubu cha njinga lingalowe m'malo mwa lamba wa mphira wa kuchipatala. Ululu wochepa pochita mafizo ndi wololedwa malinga ngati watha pofika m'mawa. Ntchito isinthidwe m'malo moisiya: kampando pophika ndi pochapa, ndowa yocheperako, chishalo cha njinga chokwezedwa kuti bondo lisapinde kwambiri. Zosinthazi zachokera pa mmene bondo limagwirira ntchito, osati pa kafukufuku amene watchulidwa pano, ndipo ziperekedwe ngati zoyesa. Chomaliza, mapiritsi ngati bulufeni, diclofenac ndi indosidi asakhale chakudya cha tsiku ndi tsiku. Kuunika kwa Cochrane kwa mu 2004 kunapeza umboni wochepa chabe woti amathandiza, ndiponso kwa nthawi yochepa, pamene kuwamwa nthawi yaitali kumabweretsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso. Chiopsezo cha impso chimakula mwa amene akumwa ma ARV okhala ndi tenofovir.

Ntchito yotsala ndi ya ofufuza a m'dziko muno, ndipo siifuna makina odula. Pakufunika mafunso oyezera bondo a m'Chichewa amene amafunsa za kugwada, kupalira, kusenza ndi kupalasa njinga. Pakufunikanso kuyesa, mudzi ndi mudzi mwa maere, ngati mafizo ophunzitsidwa ndi mlangizi wa zaumoyo amaposa mapiritsi ndi kupumula, muyeso wake ukhale masiku a ntchito kapena a sukulu amene munthu wataya. Madera a Mitundu ndi Nathenje ali pafupi ndi akatswiri a mafupa a ku Kamuzu Central ndi ku LION, ndipo ali ndi alangizi ofika m'midzi. Pakali pano, kungolemba m'kaundula kuti ululu uli kutsogolo kwa bondo, wayamba liti ndipo wodwala amagwira ntchito yanji, m'malo molemba kuti kuphwanya kwa thupi, kungapatse ofufuzawo poyambira.