Buku la Zilombo: Ndani Analemba Kuti Orc Ndi Woipa?

Acinyamata anzanga, mwina munaonapo m'filimu anyamata atazungulira tebulo, mmodzi akusimba nthano, anzake akuponya madayisi. Sewero limenelo ndi Dungeons & Dragons, limene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Wosewera aliyense amasankha munthu wake, kaya msilikali, wakuba kapena wamatsenga, ndipo wosimba nthanoyo amawakumanitsa ndi zilombo. Zambiri mwa zilombozo amazitenga m'buku lochedwa Monster Manual, limene Gygax anatulutsa mu 1977, muli zilombo zopitirira 350. Tiyeni tilione pamodzi bukuli.

Mukalitsegula, coyamba kukulonjerani ndi manambala. Cilombo ici cimayenda m'gulu la zingati, khungu lace n'lolimba motani, cimathamanga bwanji, cimasunga cuma cotani m'phanga mwace. Kunena zoona, zimawerengeka ngati khadi la kucipatala. Agogo anu posimba za cilombo ca m'nthano sanakuuzeni msinkhu wace. Anangotsitsa mau, inu n'kusendera pafupi ndi moto. Cilombo cimene mwaciwerenga mano onse siciopsanso kwenikweni.

Komabe muli zina zolembedwa mwaluso. Mimic cimadzisandutsa bokosi la cuma n'kukhala phee, kudikira munthu wadyera. Akangoligwira, dzanja lamatirira pomwepo. Gelatinous cube ndi cinthu cotetemera, coonekera mkati ngati madzi, ca mafiti 10 mbali zonse, cimene cimakwanira ndendende m'njira za pansi pa nthaka n'kumameza zonse zimene capeza. Rust monster sicifuna magazi anu ai, cifuna lupanga lanu, ndipo cikangolikhudza limacita dzimbiri. Msilikali wovala zitsulo thupi lonse amathawa, wovala nsanza n'kutsala akuseka! Zitatuzi n'zokoma cifukwa wolemba watiuza cimene cilombo cifuna, ndipo wosewera ayenera kuganiza asanasolole lupanga.

Vuto lili pa mzere umodzi waung'ono, umene umanena ngati colengedwa ndi cabwino kapena coipa. Tsegulani pa Orc. Awa si nyama zakuthengo. Bukulo likuti ali ndi mafuko, mafumu ndi cinenero cao, ndipo limawerenga ngakhale akazi ndi ana amene mudzawapeza kwao. Kenaka limawadinda onse cidindo cimodzi: oipa. Onse, kuyambira mfumu mpaka khanda. Tsono kumbukirani kuti m'sewero la nthawi imeneyo munthu wanu anali kukwera mphamvu akapha adani ndi kulanda cuma cao. Kodi mukuona cimene mzere uja wacita? Wakupatsani cilolezo colowa m'mudzi wa eni, kupha, kutenga katundu, n'kutuluka muli ngwazi. Osewera akhala akukangana kwa zaka zambiri za cocita ndi ana a Orc nkhondo ikatha, ndipo mkanganowo unabadwira pa kalembedwe kameneka. Inu amene munamvapo wina akunena kuti a mtundu wakuti onse ndi akuba, mzere umenewu simuufunira womasulira.

M'zaka za m'ma 1980 makolo ndi mipingo ina ku America anadandaula kwambiri za sewero limeneli, makamaka cifukwa ca ziwanda zochulidwa m'mabuku ace. Kampani ya TSR inamva, ndipo mu 1989 inacotsa ziwandazo. Zitabweranso zinabwera ndi maina acilendo, tanar'ri ndi baatezu. Ine ndiona kuti maso anathamangira pa nyanga ndi micira, pamene cidindo cija cinatsala osakhudzidwa.

Zinatenga nthawi. Mu 2020 kampani ya Wizards of the Coast, imene inagula TSR mu 1997, inalengeza kuti idzasintha kalembedwe ka Orc ndi mitundu ina. M'buku la osewera la 2024, Orc ndi mmodzi wa mitundu imene mungasankhe kukhala, ndipo Monster Manual ya 2025 ilibenso tsamba la Orc.

Osewera ena akale anakwiya, nati nthano yopanda mdani njozizira. Apa ali ndi mfundo, ndipo inenso sindikhutira ndi kungong'amba tsamba, pakuti ndiyo njira yosavuta. Nchito yovuta ndi kulemba mdani amene kuipa kwace kuli m'zocita zace: gulu la Orc limene latseka mlatho n'kumalanda apaulendo cifukwa mtsogoleri wao ndi wadyera, pamene a Orc a tsidya lina akungofuna kugulitsa mbuzi zao. Pamenepo wosewera ayenera kufunsa kaye kuti awa ndi ati, monga momwe amayambira wagogoda bokosi lija ndi ndodo asanalitsegule.