Mafunso Anai a Rotary pa Sikelo ya ku Malambo

Pali zolembedwa zina zodzaza mabuku akuluakulu zimene munthu amaziiwala dzuwa lisanalowe, ndipo pali zina zosakwana ndime imodzi zimene zimayenda ndi munthu kufikira imvi. Mwa zazifupizi muli Mafunso Anai amene anthu a bungwe la Rotary amachula pamisonkhano yao, nawapacika pazipupa za masitolo ndi maofesi ao. M'Cingerezi mafunsowa ali ndi mau 24 okha. Tanthauzo lake ndi lakuti pa ciliconse cimene munthu aganiza, anena kapena acita, ayambe wadzifunsa ngati cili coona, ngati cili colungama kwa onse amene cikuwakhudza, ngati cidzakuza kufunirana zabwino ndi ubwenzi, ndiponso ngati cidzapindulira onse okhudzidwawo. Mau ochuka cotere sayenera kungoimbiridwa m'manja. Ayenera kukwera pasikelo monga thonje, kuti kudziwike ngati kulemera kwao kulingana ndi mbiri yao.

Bungwe la Rotary linayambidwa mu mzinda wa Chicago ku America m'caka ca 1905 ndi loya wina dzina lake Paul Harris, ndipo linafika mu Afirika m'caka ca 1921 pamene kalabu yoyamba inatsegulidwa ku Johannesburg. Makalabu a mu Zambia ali m'cigawo cimodzi ndi a ku Malawi, Zimbabwe ndi mbali ina ya Mozambique. Koma mafunsowo sanabadwire pamsonkhano wa bungwe iai. Anawalemba Herbert J. Taylor m'caka ca 1932, atapatsidwa nchito yoongola kampani yogulitsa mapoto ndi ziwaya, yochedwa Club Aluminum, imene inali kumira m'ngongole. Iye anaonetsa mafunsowo kwa akapitao ake anai, amene anali a zipembedzo zosiyana, ndipo onse anabvomera kuti sanali kutsutsana ndi cikhulupiriro cao. Pamenepo kampaniyo inayamba kucotsa mau odzitama m'zolengeza malonda ake, ndipo patapita zaka zingapo inabweza ngongole zake. A Rotary anawalandira mafunsowo m'caka ca 1943, ndipo Taylor anakhala mtsogoleri wa bungwe lonse mu 1954.

Ubwino woyamba wa colembedwaci ndi wakuti mlembi sanalamule koma anafunsa. Lamulo limadza ndi msilikali kumbuyo kwake, ndipo msilikali akapotoloka lamulo limagona. Funso lilibe msilikali; limalowa mumtima ndi kusandutsa munthu woweruza wa mlandu wake womwe. M'menemo mafunsowa afanana ndi miyambi ya makolo, imene siikoka munthu padzanja koma imamsiya alingalire yekha. Ubwino waciwiri ndi kufupika kwake, pakuti malangizo amene munthu sangathe kuwasunga pamtima samthandiza pa nthawi imene wogula waima pakhomo ndalama zili m'manja. Komabe khasu limadziwika kumunda. Cotero nkoyenera kuwatengera mafunsowa kutali ndi Chicago, ku cigwa ca Luangwa cimene eni ake amacicha Malambo, kuti akayesedwe pa moyo wa anthu a ku Mfuwe.

Mfuwe ali m'boma la Mambwe, mtunda woposa makilomita 100 kucokera ku Chipata. Ndi dziko la Akunda, a mafumu Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro. Tsidya lina la mtsinje kuli nkhalango ya South Luangwa, imene inasungidwa m'caka ca 1938 nikhala paki ya boma mu 1972. Tsidya lino kuli midzi ndi minda ya cimanga, mapira, mpunga ndi thonje. Alendo ocokera kutsidya kwa nyanja amatera pabwalo la ndege la Mfuwe kudzaona nyama, ndipo ambiri a anyamata ndi atsikana otsiriza sukulu amayang'ana ku malo ogona alendowo pofuna nchito. Pamalo otere olemera ndi osauka, mlendo ndi mwini dziko, munthu ndi nyama, amakumana tsiku ndi tsiku.

Funso la coonadi ndilo lolimba koposa anzake, ndipo nchito yake ku Mfuwe siisowa. Limagwira woperekeza alendo amene afuna kulonjeza mkango umene sanauone phazi lake. Limagwira wosema ziboliboli amene acula mtengo wina kwa Mzungu ndi kunama kuti ndiwo mtengo wa onse. Limagwira wogula thonje amene sikelo yake imadya kilogalamu pa thumba lililonse, ndiponso mlimi amene athira mcenga pansi pa thumba lomwelo. Koma funsoli lili ndi malire ake. Mwa mwambo, mthenga wopita kukaitana munthu kumaliro a mai wake kawirikawiri amangoti matenda akula, kuti woitanidwayo ayende ulendo wake mtima uli m'malo. Munthu wowerenga funsoli mwaukali adzati mthengayo wanama, koma mudzi wonse udziwa kuti wacita cifundo. Taylor anafunsa ngati mau ali oona. Sanafunse za nthawi yake yowanenera kapena za pakamwa poyenera kuwanena. Nzeru imeneyo wowerenga ayenera kukaitenga kwa agogo ake.

Funso laciwiri, la cilungamo kwa onse okhudzidwa, ndilo mtima wa colembedwa conse, ndiponso ndipo pali bala lake. Pa nyengo imene zipatso zam'chire zipsa, caka cili pafupi kutha, njobvu zimadutsa pakati pa cipinda colandirira alendo ca Mfuwe Lodge polinga ku mtengo umene zinauzolowera, ndipo zithunzi zake zafalikira pa dziko lonse. Njobvu za cigwa comweco zimaoloka mtsinje usiku, nizidya munda wa mai wamasiye, nizipasula nkhokwe yake. Kwa mlendo njobvu ndi cosangalatsa, kwa mwini malo ogona ndi cuma, kwa boma ndi msonkho, kwa woperekeza alendo ndi malipiro a pamwezi. Kwa mai uja ndi njala ya caka cathunthu. Lamulo la nyama la 1998, ngakhalenso la 2015, silinaike malipo a mlimi amene munda wake wadyedwa. Tsono pamene anthu akhala pansi kukambirana za njobvu, nadzifunsa ngati cigamulo cao cili colungama kwa onse, yankho lidzatsata ciwerengero ca amene awaika m'mau akuti onse.

Apa ndi pamene Taylor anasiya mpata. Iye anapereka funso kwa wocita, ndipo wocita yemweyo ndiye amawerenga okhudzidwa. Anthu olowa m'makalabu otumikira nthawi zambiri amakhala a malonda, aphunzitsi akuluakulu, madokotala ndi ena okhala ndi malipiro okhazikika. Angakhale a mtima wabwino ndithu, koma samagona m'cilindo kuomba zitini ndi kufukiza tsabola kuti njobvu zicoke. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Bwalo la mfumu liposa mafunsowa pa cinthu cimodzi: silizenga mlandu wodandaula kulibe, ndipo mbali zonse zimalankhula ndi pakamwa pao. Mbiri ya Rotary yomwe iperekera umboni bala limeneli. Kuyambira 1943 amuna a bungweli anali kuchula za cilungamo kwa onse, cikhalireco akazi anali oletsedwa kulowa, kufikira bwalo lalikulu la milandu la ku America linagamula mu 1987, ndipo bungwe lonse linasintha lamulo lake mu 1989. Mafunso anali pacipupa zaka zoposa 40, koma amene anatsekula khomo ndi oima kunja.

Cigwa comweci cili ndi citsanzo ca funsoli litayankhidwa bwino. M'caka ca 1950 Norman Carr, amene anali wa nchito yosamala nyama, anapangana ndi Mfumu Nsefu kuti apatule mbali ya dziko lake ikhale yosungira nyama, ndi kuti ndalama zolipira alendo zizipita ku thumba la ulamuliro wa Akunda. Pa masiku amenewo maganizo otere anali acilendo, pakuti nyama zinali kuyesedwa za boma ndipo mwini dziko anali kuonedwa ngati mdani wake wa nyamazo. Cimene cinakometsa panganolo ndi cakuti mfumu inafunsidwa. Mabungwe a anthu a m'midzi oyang'anira zacilengedwe, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, ayenda m'mapazi omwewo, ndipo mphamvu yao imakula kapena kucepa molingana ndi m'mene mau a mlimi wamba amvekera m'menemo.

Funso lacitatu, la ubwenzi, ndilo lokoma m'khutu, koma cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Nzoona kuti mau oona angathe kunenedwa mwacipongwe, ndipo funsoli limaletsa cipongweco. Koma munthu wamantha angathe kubisala m'menemo. Msungicuma wa kalabu kapena wa komiti ya cigayo akasowetsa ndalama, anzake angathe kukhala cete ponena kuti kuulula kudzaononga ubwenzi. Mlonda wa nyama akapeza misampha ya waya, nazindikira kuti anaichera ndi mphwake, funso loyamba limamkokera kuno, lacitatu limamkokera uko. Kapitao wolemba anthu nchito pa malo ogona alendo, pamene mwana wa mlongo wake ndi mwana wa mlendo wokhoza bwino aima pamzere umodzi, ali pa mayeso omwewo. Mlembi sananene coyenera kucitika mafunso akalimbana okhaokha. Cokhaco cimene cingathandize ndi dongosolo limene anawaikamo: coonadi patsogolo, cilungamo pambuyo pake, ubwenzi pa malo acitatu. Wowerenga amene asunga dongosolo limeneli sadzagula mtendere wa lero ndi bodza, pakuti ubwenzi womangidwa pa cinsinsi ca kuba uli ngati nyumba ya m'mbali mwa Luangwa, imene mtsinje umadya pansi pake dzinja lililonse.

Funso lacinai, la phindu, limanunkhira sitolo m'mene linabadwira. Osimba mbiri ya Taylor amakonda kutsiriza ndi kunena kuti kampani yake inalemera, ngati kuti kukhulupirika ndi mbeu yosalephera kubala ndalama. Ciphunzitso cotere ndi coopsya kwa wacinyamata, cifukwa tsiku lidzafika pamene coonadi cidzamtayitsa nchito, ndipo ngati anaphunzira kukhulupirika cifukwa ca malipiro ake, adzakusiya tsiku lomwelo. Ndiponso zilipo zinthu zimene sizingapindulire onse pa nthawi imodzi. Cipembere cinali cocuruka m'cigwa ca Luangwa; opha mozemba, onyamula nyanga ndi ogula onse anapindula, kufikira mu 1998 pamene kunalengezedwa kuti catha mu Zambia monse, ndipo mu 2003 kunafunika kukatenga zina ku South Africa kudzaziika ku North Luangwa. Amene anataya sanali pamalonda pomwepo: anali ana osabadwa. Funsoli limakhala ndi mphamvu pokhapokha mau akuti onse atambasulidwa kufikira zidzukulu. Litawerengedwa motero limatsogolera ku nchito zonga za bungwe la COMACO, limene kuyambira 2003 lakhala likugula mpunga, mtedza ndi uci kwa alimi a m'cigwa amene apereka misampha ndi mfuti zao, kuti kusunga nyama kusakhale njala ya banja.

Cinanso cosoweka m'mafunsowa ndi njira ya munthu amene walakwa kale. Onse anai ayang'ana kutsogolo, kwa munthu amene sanacite kanthu. Palibe limodzi lonena za kupepesa, kubweza cobedwa kapena kukhululukira. Koma moyo wa m'mudzi umakhazikika pa zimenezi, pa nkhuku yopepesera ndi pa nsima yodyera pamodzi mlandu utatha. Makhalidwe osadziwa kudzutsa wogwa ndi a anthu osagwa, ndipo otero kulibe.

Zophophonya zimenezi sizicotsa mtengo wa colembedwaci. Bungwe losunga mafunsowa ndilo linayamba nchito yake yaikulu yolimbana ndi matenda a poliyo mu 1985, ndipo ana ambiri amene akanakhala opuwala akuyenda ndi miyendo yao. Mau amene atsagana ndi nchito yotere si mankhusu. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Mfuwe amene wasiya sukulu safunika kulipira kalabu kapena kubvala cizindikiro pa jekete kuti awagwiritse nchito. Angathe kuwatenga kupita nao kukhichini ya alendo, pamsika, kapena pa mzere wogulitsira thonje. Koma awatenge monga mpeni wa mlendo, wakuthwa koma wopanda cigwiriro, naikepo yekha cigwiriroco. Cigwiriro cake ndi funso lacisanu limene bwalo la makolo linalidziwa Chicago asanamangidwe: kodi mwini wake wa munda wafunsidwa?