Agogo Ali Pansanja, Mwana Akusewera Moyo Wawo

Pa Avenue J ku Brooklyn, mumzinda wa New York, pali sukulu ya sekondale ya Ayuda yotchedwa Yeshivah of Flatbush. Mwana wa pasukuluyi amasenza mitolo iwiri tsiku lililonse: maphunziro a Torah ndi Talmud, omwe amaphunzitsidwa m'Chihebri, kenaka masamu, sayansi ndi zonse zimene anzake a m'sukulu zina amaphunzira. Tsiku limatha mutu uli wolemera. Komabe ena mwa ophunzira akuluakulu amavomera mtolo wachitatu. Kamodzi pa sabata amatsalira kuti akumane ndi nkhalamba zimene zinapulumuka pamene boma la Nazi linapha Ayuda 6 miliyoni pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, ndipo chaka cha sukulu chisanathe amakhala atasandutsa miyoyo ya nkhalambazo kukhala sewero.

Ntchitoyi imatchedwa Witness Theater. Anaiyambitsa ku Israel ndi Irit ndi Ezra Dagan. Bambo Dagan ndi katswiri wa zisudzo amene anasewera ngati rabi mufilimu ya Schindler's List ya 1993. Mu 2012 bungwe la Selfhelp Community Services, lomwe linakhazikitsidwa mu 1936 ndi anthu othawa ku Germany, linabweretsa ntchitoyi ku New York, ndipo inayambira pasukulu ya Flatbush imeneyi.

Chimene chimandigwira mtima ndi kusafulumira kwa mphunzitsi wotsogolera gululi. Aliyense amene anaphunzitsako zisudzo amadziwa njala yofuna kugawa mbali msanga, kuti ana ayambe kuloweza. Apa palibe choloweza kwa miyezi, chifukwa seweroli silinalembedwe. Lili m'mitu ya agogo, ndipo nkhani yotere sumaifunsa ngati ukufunsa njira. Choncho amayamba ndi kudyera limodzi. Amachita timasewero tozolowerana, mwana wa zaka 17 ndi gogo wa zaka zoposa 80 n'kumaseka chinthu chimodzi. Wongodutsa angati nthawi ikutayika. Koma munthu amene anakhala chete zaka zambirimbiri, mwina osauza ngakhale ana ake obereka yekha, satsegula pakamwa kwa mlendo. Amatsegula kwa mwana amene wamuthirirapo tiyi kangapo, amene akudziwa kuti khutu lomwe limamva bwino ndi lamanzere.

Nkhani zikayamba kutuluka, ntchito za mphunzitsi zimakhala ziwiri pakamodzi. Diso lina liri pa agogo, kuona pamene mawu ayamba kunjenjemera ndi pamene afunika kupuma. Diso lina liri pa ana, amene akumva zinthu zoposa msinkhu wawo. N'chifukwa chake ntchitoyi amaipereka kwa munthu wodziwa zisudzo komanso wodziwa kusamalira mitima yovulala. Kenaka pamabwera kudula. Moyo wa munthu mmodzi ungadzaze usiku wonse, koma pansanja upatsidwa mphindi zochepa chabe, pakuti opulumuka ndi angapo ndipo aliyense ayenera kumveka. Usiya chiyani? Mphunzitsi wosakhwima angathamangire malo oopsa kwambiri kuti owonerera alire. Waluso amadziwa kuti nkhani iyenera kuyambira kunyumba, pa chakudya cha Sabata, pa dzina la mlongo, kuti chimene chinatayika chiyambe chaoneka chisanatayike.

Luso lenileni liri pa kaimidwe ka pansanja. Wopulumuka sakhala m'gulu la owonerera. Amakwera pansanja ndi kufotokoza ndi pakamwa pake, pamene ophunzira akusewera zomwe akunenazo. Mtsikana mmodzi amakhala iyeyo ali wamng'ono, wina amakhala mayi ake, mnyamata wina bambo ake. Kaimidwe kameneka kamathetsa vuto lomwe lagwetsa masewero ambiri a nkhani zowawa, vuto la wosewera wofuna kuti timuone iyeyo. Sungakometse kulira mwini nkhani ali pafupi nawe akukuyang'ana. Mwana amaphunzira kuchepetsa, kuima chilili, kutambasula dzanja n'kulisiya pomwepo. Aphunzitsi a zisudzo amatha zaka akulimbana ndi ophunzira kuti asamachite mopyola muyezo. Apa agogo amangokhalapo, phunzirolo n'kulowa lokha.

Pali china chimene zaka zimachita. Munthu amene anali ndi zaka 15 nkhondo ikutha mu 1945 anali ndi zaka 82 mu 2012. Ambiri mwa opulumuka omwe atsala anali ana kapena achinyamata nthawi imeneyo. Ndiye kuti mwana amene akusewera mbali yawo ndi wa msinkhu womwewo kapena kuposerapo pang'ono, ndipo palibe chifukwa chomudzola utoto kumaso kuti afanane. Agogo akamayang'ana, akuona thupi la msinkhu umene iwo anali nawo tsiku lomwe anasiyana ndi makolo awo. Onjezani apo kuti ana ambiri a pasukuluyi ndi ochokera m'mabanja a Ayuda a ku Syria, omwe mizu yawo ili ku Aleppo ndi Damascus. Kwa iwo Poland ndi Hungary, maiko omwe amatchulidwa m'nkhani za opulumukawo, si kwawo kwa agogo awo enieni. Nkhaniyi sanaiyamwire. Amailandira m'manja mwa munthu amene miyezi ingapo yapitayo sankamudziwa n'komwe.

Seweroli limaonetsedwa nyengo ya Yom HaShoah, tsiku lokumbukira ophedwawo, lomwe limagwa pa 27 Nisan pa kalendala ya Chiyuda, cha mu Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi. M'holo mumakhala makolo a ophunzira, komanso ana ndi adzukulu a opulumukawo. Mphunzitsi amene anayendetsa zonsezi kuyambira pa chakudya choyamba chija saoneka. Pansanja pali gogo akutchula dzina la mayi ake, ndipo mtsikana wa zaka 17 akutembenuka kuti ayankhe.