Mpando wa pa Liwonde ndi chithunzi cha Picasso

Aliyense amene adayendapo pa msewu wochoka ku Zomba kupita ku Liwonde, m'boma la Machinga, adaiona mipando yosema imene amisiri amaindandalika m'mbali mwa msewuwo. Ambiri a ife timangoiponyera diso pawindo la minibasi n'kupitirira, poganiza kuti ameneyo ndi katundu wa azungu odzaona nyama. Zonse zimene zili pamenepo timangoti ziboliboli, ndipo potchula mawuwa timakhala ngati tikunena zidole za ana. M'nkhani ino ndikupempha kuti titsike pamsewupo, tiuyang'anitsitse mpandowo, kenaka tiuyerekeze ndi chithunzi china chimene chili ku New York, chimene akatswiri amati chidasintha luso lojambula la Azungu. Zinthu ziwirizi zili pachibale. Kusiyana kwake n'kwakuti mwini chithunzicho dziko lonse limamudziwa, pamene mwini mpandowo ngakhale ife a kwawo sitimufunsa dzina.

Tiyambe ndi mbiri ya chithunzicho. Kwa zaka pafupifupi 400, kuchokera m'nthawi ya Leonardo da Vinci, ojambula a ku Ulaya ankakhulupirira kuti chithunzi chabwino chiyenera kunamiza diso. Chinthu chakutali chichepe, chapafupi chikule, mthunzi ugwe pamalo pake, mpaka woonayo aiwale kuti akuyang'ana nsalu yopakidwa penti. Koma m'chaka cha 1839 kudalengezedwa njira yojambulira ndi kamera, ndipo posakhalitsa makina adayamba kugwira mwachangu ntchito imene munthu ankaikhalira miyezi. Apa ojambula adayenera kudzifunsa kuti ntchito yawo idatsala yotani.

Mayankho adadza pang'onopang'ono. M'chaka cha 1874, Claude Monet adaonetsa ku Paris chithunzi cha dzuwa likutuluka padoko la Le Havre. Mabwato ake adali madontho chabe a penti, ndipo wolemba nkhani wina adachiseka kuti n'chosamaliza. Monet sankafuna kuwerenga matabwa a bwato. Iye ankasaka kuwala kwa kamphindi kameneko. Pambuyo pake Paul Cézanne adajambula phiri limodzi la kwawo, Sainte-Victoire, kambirimbiri, akuliphwanya m'zigawozigawo za mitundu, ngati akufuna kudziwa mafupa amene agwiriziza phirilo. Pamene Cézanne ankamwalira mu 1906, achinyamata a ku Paris adali atatopa ndi malamulo akale, koma njira yatsopano adali asanaipeze bwinobwino.

Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. M'chaka chomwecho cha 1906, Henri Matisse adagula musitolo ina ya ku Paris kachosema kochokera ku Congo ndipo adakaonetsa Pablo Picasso. Chaka chotsatira Picasso adalowa m'nyumba yosungiramo zinthu za mitundu ya anthu ya Trocadéro, momwe mudadzaza zigoba ndi zosema zimene atsamunda adatuta ku Africa ndi ku zilumba zakutali. M'chaka chimenecho, 1907, adamaliza chithunzi chotchedwa Les Demoiselles d'Avignon, chimene lero chimasungidwa ku Museum of Modern Art.

Chithunzichi n'chachikulu, msinkhu wake ukupitirira mamita awiri. Muli akazi asanu osavala, a m'nyumba ya uhule, ndipo pansi pali zipatso zochepa. Matupi awo ali ndi ngodya zakuthwa ngati adachita kuwasema ndi nkhwangwa. Palibe kutali, palibe pafupi, zonse zakankhidwira kumaso kwa woona. Akazi a kumanzere nkhope zawo zikufanana ndi zosema zakale za kwawo kwa Picasso ku Spain, koma awiri a kumanja avala nkhope zonga zigoba, mphuno zopindika, masaya okhala ndi mizere, maso osalingana. Mmodzi wanjuta chotifulatira koma nkhope yake ikutipenya, ngati tikumuona kumbuyo ndi kumaso nthawi imodzi. Anzake a Picasso amene adachiona koyamba adadabwa nacho, ena adaipidwa nacho, ndipo chidakhala zaka zisanu ndi zinayi chisanaonetsedwe pagulu. Komabe m'menemu ndimo mudaphuka kajambulidwe kotchedwa Cubism, kamene Picasso adakulitsa pamodzi ndi Georges Braque.

Tisadzinamize kuti Picasso adaba Gule Wamkulu. Zigoba zimene ojambula a ku Paris ankaziona kwambiri zinkachokera kumadzulo ndi pakati pa Africa. Koma ife amene tidakulira pafupi ndi bwalo la gule tikhoza kuona msanga chimene iye adatenga ndi chimene adasiya. Adatenga maonekedwe, ndiko kuti ufulu wokuza mphuno kapena kupotoza kamwa pofuna kunena zoona zimene nkhope yosalala singanene. Adasiya ng'oma, nyimbo, fumbi, maliro kapena chinamwali chimene chigobacho chidasemedwera. Chigoba chotsekeredwa m'galasi chili ngati ng'oma yopanda woimba. Ndipo chachikulu chimene chidatsalira m'njira ndi dzina la mmisiri. Pa zikwangwani za m'nyumba zimenezo ankalembapo mtundu wa anthu kapena dziko, ngati kuti mtundu wonse udagwira sompho limodzi.

Kuti dzina ndi lamphamvu m'luso la Azungu adazionetsa poyera Marcel Duchamp mu 1917. Iye adatenga chiwiya chokodzeramo amuna chogula kusitolo, adachisaina dzina lopeka la R. Mutt, n'kuchitumiza ku chionetsero ku New York atachitcha Fountain. Okonza chionetserocho sadachionetse, koma mpaka lero chimaphunzitsidwa m'masukulu a zaluso. Kaya tikuti Duchamp adali wanzeru kaya wachipongwe, phunziro lake n'lomveka: chinthu chimasanduka luso pamene pali munthu amene wachivomera kuti n'chake, malo ochionetsera, ndi anthu okangana za icho. Mpando wa pa Liwonde uli ndi luso lochuluka kuposa chiwiya cha Duchamp, koma zitatu zimenezi ulibe.

Tsono tiuone mpandowo. Ndi matabwa awiri okha, opanda msomali ngakhale umodzi. Thabwa lalitali ndi lotsamira ndipo lili ndi chiboo chakumunsi. Thabwa lokhalapo lili ndi mchira umene umalowa pachiboopo n'kukafika pansi kumbuyo. Kulemera kwa wokhalapo ndiko kumaulimbitsa mpandowo, ndipo ukafuna kuyenda nawo umangousolola. Imeneyi ndi nzeru ya umisiri imene ikadachokera ku Ulaya bwenzi ili m'mabuku ndi dzina la mwini wake. Pa thabwa lotsamiralo mmisiri amasemapo njovu, mvuu, ng'ona, asodzi m'bwato, amayi akusinja kapena atasenza mitsuko. Sachepetsa zakutali monga ankachitira Azungu akale. Amasanjikiza nkhani pamwamba pa inzake, kuyambira pansi kukwera m'mwamba, ndipo chilichonse amachipatsa kukula kolingana ndi kufunika kwake. Mmisiri wabwino mumamudziwira pa mipata imene waboola pakati pa nyama ndi nthambi, momwe kuwala kumadutsira, ndiponso pa mmene wapindira chitamba cha njovu kuti chikwane m'lifupi la thabwa popanda kuoneka chopanikizika. Zimene Cézanne ndi Picasso adazipeza movutikira, zoti chithunzi chikhoza kukhala chafulati n'kunenabe zoona, mmisiri wa ku Machinga amazichita tsiku ndi tsiku.

Koma kuyamikira kokha sikuthandiza munthu. Zofooka zilipo ndipo n'zazikulu. Mukayenda pa mzere wa mipando makumi awiri, mupeza kuti yambiri ikunena nkhani imodzi: nyama za kunkhalango ndi mudzi wamakedzana wopanda njinga, wopanda foni, wopanda msikiti kapena tchalitchi. Chonsecho mmisiriyo amakhala m'dera limene kabaza ali ponseponse, sitima ya malasha imadutsa pa Nkaya, ndipo mu 2023 namondwe Freddy adasiya maliro m'chigawo chakummwera. Zimenezi pa thabwa sizioneka kawirikawiri, chifukwa wogula amafuna Africa amene adamuona pa kanema. Chinanso n'chakuti zosema zambiri amazipaka polishi wa nsapato kuti mtengo wamba uoneke ngati mphingo, ndipo potero amakwirira mizere yachibadwa ya mtengo imene ikadakometsa ntchitoyo. Sindikuwaweruza amisiriwa, pakuti wosema ndi njala sangadikire miyezi itatu pa mpando umodzi. Ndikungonena kuti msika wa alendo wokha sungalere luso, umalera kubwereza.

Kuti anthu athu angathe zoposa apa, umboni uli ku Zimbabwe. Mu 1966 mlimi wa fodya Tom Blomefield, malonda atavuta, adalimbikitsa antchito a pafamu yake ya Tengenenge kuti ayambe kusema miyala. Ambiri mwa iwo adali obwera. Lemon Moses adali Mchewa wa ku Malawi, Amali Malola adali Myao wa ku Malawi, makolo a Josia Manzi adachokeranso kuno, ndipo Fanizani Akuda, wodziwika ndi nkhope zomwetulira za maso otsinzina, adali Mchewa wa ku Zambia. Ntchito zawo zidafika m'maiko akutali zili ndi maina awo. Komabe ngakhale kumeneko dzina lidavuta. Frank McEwen, mkulu woyamba wa nyumba ya zaluso ya ku Salisbury, amene adadziwana ndi Picasso ndi Matisse ku Paris, adakonza chionetsero ku Musée Rodin mu 1971 pansi pa dzina la Ashona. Dzinali lidamatirira luso lonselo, mwakuti Achewa ndi Ayao a ku Tengenenge nawonso amawerengedwa m'gulu la zosema za Chishona.

Umboni wina uli pafupi. Mukachoka ku Balaka kulowera msewu wa ku Salima mufika pa Mua, m'boma la Dedza, pamene Bambo Claude Boucher Chisale adayambitsa malo a Kungoni mu 1976. Amisiri a pamenepo adapatsidwa nthawi, malo ndi nkhani zolemera zoti aseme, za Chikhristu ndi za miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo kusiyana kwa ntchito yawo ndi ya pamsewu kumaoneka ndi maso. Ku Balaka komweko tili ndi chitsanzo cha oimba. Alleluya Band, Paul Banda ndi malemu Lucius Banda adatchuka chifukwa padali malo ophunzirira, zida, ndi omvera a konkuno amene ankagula makaseti n'kumatsutsana kuti chimbale chabwino n'chiti. Palibe amene amati nyimbo ya Lucius Banda idaimbidwa ndi anthu a ku Balaka. Nanga bwanji mpando timangoti ndi wa pa Liwonde?

Udindo wina uli pa ife alembi. Monet adasekedwa m'nyuzipepala, koma kusekedwako kudali kuonedwa. Amisiri athu sitiwaseka, sitiwayamikira, timangowadutsa. Tidalemba zambiri za ndakatulo, zisudzo ndi nyimbo, koma n'kangati pamene mudawerenga m'Chichewa nkhani younika chosema chimodzi, kunena chimene chakoma ndi chimene chalephera? Tiyenera kuyamba, ndipo mawu ake tiwatenge kwa amisiri eni ake, poti iwo ali nawo mawu osiyanitsira ntchito yaukhondo ndi yothamangira. Amisiri nawonso aseme dzina, mudzi ndi chaka kuseri kwa mpando uliwonse. Mahotela, masukulu, mipingo ndi maofesi a maboma a Machinga ndi Balaka aziitanitsa ntchito zonena za moyo wathu wa lero, ndi kulipira mtengo wopatsa mmisiri mpata woganiza.

Nkhaniyi ndi yofulumira chifukwa mitengo ikutha. Mlombwa, mbawa ndi mphingo zimatenga zaka zambiri kuti zikule, ndipo mapiri a ku Machinga akumetedwa ndi makala. Ngati mtengo wa zaka makumimakumi ugwa kuti usemedwe, usemedwe chinthu choyenera msinkhu wake, chimene mdzukulu wa mmisiri adzathe kuchiloza kuti adasema ndi agogo ake. Tsiku lina mukadzadutsa pamsewupo mudzatsike, mudzasankhe mpando umodzi umene wakugwirani mtima, ndipo musanafunse mtengo wake mudzayambe mwafunsa dzina la amene adausema.