Kanyenyezi ka pa tebulo si phindu la mlimi

M'malipoti a kafukufuku, kanyenyezi kapena p<0.05 kamaoneka ngati chiphaso chakuti mbewu kapena feteleza wapambana. Buku la Stephen Ziliak ndi Deirdre McCloskey, The Cult of Statistical Significance (2008), likutsutsa chizolowezichi, ndipo pa mfundo yaikulu likunena zoona. Awiriwa ataunika nkhani 182 za mu American Economic Review za m'ma 1980, anapeza kuti pafupifupi 70 pa 100 sizinasiyanitse kusiyana kotsimikizika m'masamu ndi kusiyana kwaphindu pa chuma.

Nanga p<0.05 amatanthauzanji? Amangonena kuti njira ziwirizo zikanakhala zofanana, kusiyana kwa zokolola kofika pamenepa kukanapezeka mwangozi kosakwana kasanu pa maulendo 100. Sanena kukula kwa kusiyanako, ndipo sadziwa mtengo wa thumba la feteleza.

Tiyerekeze kuti thumba limodzi loonjezera la urea lakweza zokolola ndi makilogalamu 100 pa hekitala, ndipo kanyenyezi kalipo. Ngati thumbalo likugulidwa pa mtengo woposa matumba awiri a chimanga, mlimi waluza. Tiyerekezenso kuti mbewu ina yaposa inzake ndi makilogalamu 600, koma pa tebulo palembedwa NS chifukwa inabwerezedwa pa ndime zitatu zokha. Apa NS sakutanthauza kuti mbewuzo n'zofanana. Mwina kafukufukuyo anachepa mphamvu.

Pomwe bukuli laphonya ndi pa kusenzetsa R. A. Fisher mlandu waukulu chotere, kwinaku likukweza William Gosset wa ku Guinness. Fisher yemweyo, ali ku Rothamsted m'ma 1920, ndiye anakhazikitsa kugawa ndime mwamaere pamodzi ndi kuzibwereza. Popanda zimenezi, ndime ya pachulu ikanatinamiza chaka ndi chaka. Komanso bukuli likudzudzula kwambiri, koma mlangizi sapezamo njira yogwiritsa ntchito m'munda. Pamenepo buku la CIMMYT la 1988 lonena za malangizo kwa alimi ndi lothandiza: limati ndalama yoonjezera ibweze phindu la 50 mpaka 100 pa 100 kuti alimi ailandire njirayo.

Choncho alangizi ndi alimi achitsanzo, musanapite ndi uthenga kumudzi, funsani: zokolola zakwera ndi makilogalamu angati, pa mtengo wanji, m'madera angati ndi nyengo zingati? Ifenso olemba malipoti tiziika mayankhowa pambali pa kanyenyezi.